Tidyenji Anadikira

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Miyendo ija inaphwa? Ndine Esitere wanu. Ndakhala pansi pa mango paja, pamphasa yanu yong'ambika yomwe munkangoti mawa tiitaya, mawa tiitaya, mpaka inu n'kutsogola mphasa n'kutsala. Kuno tilipo, kukhalapo kwake komwe mukukudziwa. Dzuwa lakwiya, chitsime cha kudambo chatsala matope okhaokha, mitambo nayo ikungotinamiza madzulo aliwonse. Ndege za pa Chileka sizinasinthe, zikungonyamula amuna a eni kupita nawo ku Joni. Bambo a kunyumba kwanga sanabwerebe, ndipo ine ndinasiya kuyang'ana kumsewu.

Ndiyambe ndi zabwino, poti n'zochepa sizichedwa kutha. Mng'ono wanga Agnesi anachira bwinobwino ku Lirangwe, ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, koma kulira ndiye anatengera sitima zomwe bambo ake amagwirako ntchito. Tinamupatsa dzina lanu, ndiye tonse tikuchita manyazi kulitchula. Timangoti “amayi akodza,” “amayi akufuna bere.” Mukanaseka mpaka kutsokomola.

Chimanga sichinachite bwino, nkhokwe inangofika m'chiuno. Nandolo ndiye watipulumutsa. Alangizi a malimidwe akubwerabe ndi ndodo zawo kudzayeza milambala, ngati munda uno anauyamba ndi iwo. Za chitaganya cha azungu chija amuna akuzikamba chapansipansi, magalimoto a asilikali akudutsa mumsewu, ndipo anthu ena a kutsidya anatengedwa, kumene ali sitikudziwa. Koma izo n'za akuluakulu. Ine nkhani yanga ndi ya galu wanu, ndipo mukuona nokha mmene ndikuizungulirira.

Mukukumbukira tsiku lomwe munabwera naye? Munkachokera kokaona Agnesi, mvula ili pakati, n'kumutola pafupi ndi njanji atanyowa, akunjenjemera, nthiti zili pamtunda. Munamukulunga pansalu ngati khanda. Ine ndinakalipa, ndinati ife tikudya kamodzi patsiku inu mukuwonjezera kamwa lina? Munangoseka n'kunena kuti, “Chabwino, ndiye dzina lake ndi lomwelo, Tidyenji.” Simunakhale naye nthawi. Mwezi wotsatira munagona pamphasa osadzukanso, ndipo pa mawu onse omwe mukanandisiyira, munasankha akuti, “Kagalu kanga musakataye.” Ndinavomera mopanda kuganiza, poti munthu akamapita sumutsutsa.

Amayi, kagalu kanu kaja kanakula, koma kanakula miyendo yokha, mutu unatsalira kunjanji komweko. Pofika nthawi yokolola anali chigalu chachitali, chofiirira, khutu limodzi chilili lina lopindika, mchira wosadziwa kupuma. Kuipa mtima ayi, analibe. Vuto lake linali chimwemwe chopitirira muyezo. Munthu akangotulukira pabwalo, iye wafika kale, miyendo pachifuwa, lilime kumaso. Ndikayanika nsalu, wakoka. Ndikaika ufa padzuwa, wagonapo. Ndege ikamadutsa ankathamangitsa mthunzi wake m'minda ya anthu, kuuwa mpaka mawu kusasa, n'kubwerako atathyola chinangwa cha eni. Kenako anadziwa kukoma kwa mazira. Nkhuku yanga yamawanga ija inangoona chisa chili mbee.

Chomwe chinafikitsa nkhani pamutu ndi cha Che Saidi, anansi athu ogulitsa nsalu panjinga aja. Linali Lachisanu, iwo atavala mkanjo wawo woyera, akupita kumzikiti. Tidyenji anali atangochoka kogudubuzika m'matope a kudambo. Ndinakuwa, koma mochedwa. Anawalumphira, kuwadinda mapazi pachifuwa, kuwanyambita manja ndi ndevu zomwe. Inu mukudziwa kuti kwa anzathuwa malovu a galu si nkhani yamasewera. Anayenera kubwerera kukasamba ndi kusintha, mapemphero n'kuwapita. Sanatukwane, ndipo bwenzi zili bwino akanatukwana. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Mwanangu, mayi ako tinakhala nawo zaka zonsezi osayambana.” Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Madzulo ake alongo anu, amalume a Wilisoni, anabwera kudzakonza zinthu mwa njira yawo. Anaphika dzira, n'kulitenga lili lotentha, kumukanikiza galu pansi n'kumutsekera nalo m'kamwa, ati aleke kuba mazira. Kulira kwake sindidzakuiwala. Atatero anamumanga ndi chingwe cha khonje pamtengo wa nkhokwe. Anadzikoka, kudzipota, kudziponya, mpaka chingwe chinamudya khosi n'kusiya chilonda chozungulira. Nditamumasula, kodi analeka? Anangophunzira kuba mazira amalume kulibe, ndi kuthawa akaona munthu wagwira chingwe. Pamenepo amalume anagamula. Anati sadaka yanu ikubwera, kudzadzaza anthu ndi nyama pabwalo, ndipo galu ameneyu akadzangowachititsa manyazi pamaso pa alendo adzamutengera okha kuthengo ndi chibonga. Sananene mwankhanza. Ananena ngati munthu wotopa, ndipo ndinadziwa kuti adzachitadi.

Mwina mukuti, nanga galu n'chiyani kuti munthu wamkulu asowe naye tulo? Amayi, nyumba yanga mukuidziwa. M'nyumbamo mulibe mwana, mulibe mwamuna. Chinthu chokhacho chomwe chinkasangalala ndikamachokera kumunda ndi chigalu chopusachi. Ndiponso chinali chanu. Mbale zanu anagawana, nsalu zanu zinapita, mbuzi zinapita. Chamoyo chomwe munachigwira ndi manja anu n'kundisiyira chinali chimenechi basi.

Ndinaganiza za mawu anu akuti m'mera mpoyamba, ndipo ndinaopa kuti mwina ndachedwa. Kenako ndinakumbukira chaka cha njala yaikulu ija, bambo atapita kukasaka chakudya osabweranso. Tinali ana atatu, tinatsala awiri. Munkabwera ndi kaphala ka gaga m'mbale imodzi, ife maso ali tong'o. Simunatimenyepo. Munkangotambasula chikhatho chanu pamwamba pa mbale, osalankhula. Wina akatambasula dzanja, mbale inkabwerera m'nyumba. Tikakhala pansi tonse, manja pamiyendo, munkagawa bwinobwino, kenako n'kuchotsa chikhatho n'kunena kuti, “Basi, idyani.” Nthawi imeneyo ndinkadana nacho chikhatho chimenecho. Ndinazindikira nditakula kuti popanda icho Agnesi, poti anali wamng'ono, sakanalawa kanthu. Ndinati ngati chinagwira ana anjala, galu angachikanike?

Ndiye ndinayamba. Ndinkaika mkute wake m'phale, n'kutambasula chikhatho pamwamba pake. Tsiku loyamba anandigwetsa chagada, phale uko, ine uko, nkhuku n'kudyerera. Ndinatukwana mawu omwe simunandiphunzitse. Mawa lake ndinagwira phale mwamphamvu. Akalumpha, phale m'mwamba, ine n'kulowa nalo m'nyumba. Ndikatuluka, chimodzimodzi. Anauwa, analira, anazungulira ngati wagwidwa ndi mizimu. Atatopa anakhala pansi, kaya mwangozi kaya bwanji, n'kundiyang'ana. Pomwepo ndinachotsa dzanja, ndinati, “Basi, idya.” Amayi, ndinaona ndi maso anga chinthu chikulowa m'mutu mwa galu.

Musaganize kuti zinatheka msanga. Ndinazindikira kuti mphamvu zikamuchulukira makutu ake amatseka, choncho m'mamawa ndinkayamba ndapita naye kudambo, athamange, akumbe mbewa, atope, kenako sukulu. Ndinkamanga timitu ta matemba pamfundo ya nsalu yanga kuti akachita bwino alandire pomwepo, moti ndinkanunkha ngati msika wa nsomba. Akandilumphira ndinkapinda manja n'kumufulatira, osamuyang'ana, osamukalipira, poti ndinaona kuti kwa iye ngakhale kukalipiridwa ndi masewera. Miyendo inayi ikakhala pansi, ndipamene ndinkamusisita. Ndinamukhazika pafupi ndi thadzi la anapiye, chikhatho changa chili patsogolo pa mphuno yake, thupi lonse likumunjenjemera. Pambuyo pake ndinayamba kumuikira dzira pakati pa miyendo yakutsogolo. Mazira angapo anapita, sindikubisirani. Koma linafika tsiku lomwe anatembenuza mutu kuyang'ana kumbali, ngati dziralo likumuchititsa manyazi.

Panali masiku ena omwe ndinkafuna kukawaitana ndekha amalume. Kutsidya kutakhala galu wamkazi wofuna amuna, Tidyenji anasowa, n'kubwera khutu litang'ambika, zonse ataiwala, ngati sitinaonanepo. Ndinakhala pamtondo n'kulira. Akazi a kuchitsime nawo sanandisiye. Ankati, “Esitere wapeza mwana tsopano, tidikire chinkhoswe.” Ndinkaseka nawo, koma mawu amenewo ankalasa pamalo pomwe mukupadziwa. Chomwe chinkandibweza ndi mawu anu aja, omwe munkanena mukusankha nsabwe m'mutu mwanga ine ndikuvutavuta: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Munthu amene anandithandiza simungamuganizire. Che Saidi omwewo. Ndinapita kukapepesa ndi nkhuku, iwo anaikana, n'kufunsa kuti galuyo ndikumuphunzitsa bwanji. Nditafotokoza anapukusa mutu, anati galu sangaphunzire kulemekeza alendo popanda mlendo. Kuyambira pamenepo, akamaweruka ankavala malaya akale n'kumadutsa pabwalo pathu ndi njinga, kupita, kubwerera, kuliza belu dala, ine ndili ndi chikhatho pamphuno pa galu. Akazi awo ankaima patali atagwira m'chiuno, akuti akuluakulu awiri apenga limodzi. Tsiku lomwe Che Saidi anatsika panjinga, n'kuima pafupi, Tidyenji ali chikhalire mchira wokha ukusesa fumbi, bambo aja anaseka mpaka chipewa kugwa.

Sadaka yanu inayenda bwino, amayi. Anthu anabwera ochokera ku Lirangwe, ku Chigaru, ngakhale abale a kwa agogo omwe amayankhulabe Chilomwe chokhachokha. Tinaphika thobwa migolo, amayi a kumpingo anaimba nyimbo yanu ija. Mbuzi anazinga ndi Che Saidi kuti anansi onse adye nawo. Nyama anaiyala pamasamba a nthochi, pansi, poyera, fungo lili ponseponse. Ndinamukhazika Tidyenji pafupi ndi nkhokwe, opanda chingwe, n'kumuonetsa chikhatho. Ndikamagwira ntchito ndinkangomutembenukira n'kukweza dzanja. Dovu linkachita kuyoyoka, miyendo ikunjenjemera, ana akuthamanga momuzungulira, agalu a eni akulandira mateche kumphika. Iye phee, maso pa dzanja langa. Anthu atadya, amalume ananyamuka okha ndi fupa la mwendo, nyama ikadalipo, n'kukaliika patsogolo pake. Sanaligwire. Anayang'ana ine. Nditati “Basi, idya,” amalume anawomba m'manja n'kunena kuti, “Galu uyu ali ndi mwambo kuposa adzukulu anga onse.” Za chibonga sanazitchulenso.

Titatha sadaka tinagwetsa nyumba yanu monga mwa mwambo. Tidyenji ankagona pakhonde panu chimwalirireni inu, ndiye kwa masiku angapo ankapitabe kukagona pamulu wa dothi, pomwe panali khomo. Pambuyo pake anasamukira pakhomo panga. Miyezi imeneyo, amayi, ndinakhalako ngati munthu. Ndinkapita naye kumunda, kumsika, ngakhale kutchalitchi ankandidikira panja pansi pa mtengo. Ndinayamba kunyada. Ndinkauza aliyense kuti galu wanga safuna chingwe.

Kutayamba kutentha kunamveka kuti galu wachiwewe waluma mwana kufupi ndi Lirangwe, ndipo mwanayo sanachire. Uthenga wa boma unazungulira m'midzi kuti agalu onse amangidwe, wopezeka ali womasuka adzawomberedwa. Sindinatsutse, chiwewe si chinthu choseweretsa. Ndinamumanga. Sanalimbane nacho chingwe ulendo uno, anangogona n'kumandiyang'ana. Koma khonje linatsegula chipsera chakale chija, ntchentche n'kuyamba kumuzinga pakhosi. Ndinayesa kukulunga kansanza, sizinathandize. Ndiye ndinkati ndikakhala pakhomo masana ndimumasule chilonda chipume, poti sachoka pambali panga. Mumtima ndinkati anthuwo akufuna agalu openga, oyendayenda, othamangitsa anthu. Galu wokhala pansi mwaulemu pafupi ndi mwini wake, ndani angamuone ngati wachiwewe?

Linali tsiku la sabata yathayi, dzuwa litakwera pang'ono. Ndinali pansi pa mango pano ndikusola nandolo, iye atagona pamapazi anga. Tinamva mfuti kumunsi kwa mudzi, kenako agalu a anthu akudutsa chamtunda ngati mphepo, kulowera kuphiri. Agalu osaphunzira aja, akuba mazira anzake, onse anathawa ndipo lero alipo. Posakhalitsa anatulukira amuna awiri ovala makhaki, wina atanyamula mfuti. Tidyenji anadzuka, makutu chilili, thupi litaloza kutchire. Amayi, miyendo ija inkapikisana ndi mthunzi wa ndege. Akanangodumpha kamodzi, palibe akanamuona.

Ine ndinatambasula chikhatho.

Anandiyang'ana, anayang'ana kutchire, n'kukhala pansi. Thupi lonse linkanjenjemera monga pa tsiku la sadaka, koma anakhala. Ndinayamba kulankhula msangamsanga. Ndinati, “Taonani bambo, si wachiwewe uyu, taonani mmene akumvera, ndi galu wa malemu amayi anga.” Wamfutiyo anali munthu wathu yemwe, wolankhula ngati ife, wotopa, thukuta lili chuchuchu. Anangofunsa kuti, “Chingwe chili kuti, mayi?” Chingwe chinali pomwepo, pamtengo wa nkhokwe. Ndinatembenuza mutu kuti ndiwalozere, dzanja lina likadali chitambasulire kwa galu. Sindinamalize n'komwe kunena, mfuti inaphulika.

Tidyenji sanalire. Nditacheuka anali atagona chammbali, maso akadali kumene kunali dzanja langa. Ndipo dzanjalo, amayi, linali likadali m'mwamba. Ndinaliyang'ana ngati la munthu wina. Bambo uja anati, “Pepani mayi, ndi lamulo,” osandiyang'ana kumaso, n'kumapita kunyumba yotsatira. Inu munkati pepani sapoletsa chilonda. Sindinamutukwane.

Amalume anabwera akuthamanga, n'kuwatsatira anthu aja kukapempha kuti asamutenge, timukwirire tokha mozama. Anakumba okha, ndi msana wawo wovuta uja, pamalo pomwe panali khonde lanu. Che Saidi sangagwire galu, koma anabwera ndi chidutswa cha nsalu yatsopano yochokera pakatundu wawo, n'kundipatsa kuti ndimukulunge. Anaima nafe mpaka dothi litatha. Palibe ananena kuti ndi galu chabe. Akazi a kuchitsime nawo masiku ano akangondiona amatsitsa mawu.

Chondivuta n'chakuti sindikudziwa pomwe ndinalakwa. Ndikati ndinalakwa kumumasula, khosi linali likuwola. Ndikati ndinalakwa kumuphunzitsa, chibonga cha amalume chikanamutenga kalekale. Ndinamuphunzitsa kuti akhale ndi moyo, ndipo anamvera bwino kuposa mmene ine ndinakumverani inu moyo wanga wonse. Nzeru zake zinamuuza kuti thawa, zanga zinamuuza kuti khala, iye n'kukhulupirira zanga. Chikhatho chanu chinatipulumutsa ife chaka cha njala. Nanga changa chalakwa chiyani, amayi? Kapena pali china chomwe munkadziwa, cha nthawi yotambasula ndi nthawi yobweza dzanja, chomwe munapita nacho osandiuza?

Phale lake likadali pakhomo. M'mawa ndimapezeka ndapatula mkute, kenako n'kukumbukira. Ndege ikamadutsa, mthunzi wake umangoyenda m'minda wopanda woulondola, ndipo chinangwa cha anthu chili bwinobwino.

Ndili ndi pempho limodzi. Abusa amati kumeneko agalu kulibe, koma abusawo sanafikeko, ndipo inu simunali munthu wopempha chilolezo potola kagalu. Mukaona chigalu chofiirira, cha khutu lopindika ndi chipsera pakhosi, chitakhala pansi pakhomo panu osalowa, musadabwe. Sichidzakulumphirani monga kale, chinaphunzira. Chikudikira mawu omwe ine sindinathe kunena. Muchotse dzanja, amayi, mumuuze kuti basi.

Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo Agnesi akalimba tidzabwera ndi mwana kuti mumuone. Ndikulonjeza kuti akamakula ndidzamuphunzitsa kudikira pambale monga munatiphunzitsira ife. Koma ndidzamuphunzitsanso kuti tsiku lina mtima ukadzamuuza kuti thawa, athawe, ngakhale wotambasula chikhathoyo ndidzakhale ine.

Ndakusowani kwambiri. Tsalani bwino kumeneko.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esitere